Ng'ona Yomwe Inkadziwa Kulira kwa Ndowa

Pa chilumba chathu, kuno ku gombe la South Carolina, ukafunsa za a Lucius Polite anthu amangoloza ku dambo ndi milomo. "Mdala wa kamera uja? Kamufuneni m'matopemo." Sanama ayi, moyo wa munthu uja wathera m'matope.

Anabadwira konkuno, m'nyumba ya matabwa kuseri kwa tchalitchi. Unyamata wawo wonse unathera ku fakitale ya mapepala kumtunda, komwe anakatolako chifuwa chosatha ndi khutu limodzi logontha. Kukwatira anakwatira, koma mayi Ernestine anatopa ndi udzudzu komanso mwamuna wosayankhula, anakwera basi ya ku Atlanta osabweranso. Atapuma ntchito, a Lucius anagula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ya diso lalitali ngati munsi wosinjira mpunga. Kuyambira pamenepo ngakhale kumaliro ankafika mochedwa, nsapato zili matope okhaokha.

Madzi a m'nyanja akayamba kukwera, iwo ankakankha kaboti kawo n'kulowa m'timifuleni ta m'dambo la mchere, kudutsa udzu wofika m'mapewa, mpaka kumapeto komwe kuli minda yakale ya mpunga imene makolo athu anakumba ali akapolo. Mpunga unatha kalekale, munangotsala madzi a mvula, ndipo mmenemo ndi momwe mumakhala ng'ona. M'mitengo ya m'mbali mumadzaza akakowa, achimeza ndi adokowe, oyera mbee. A Lucius ankatha kukhala tsiku lonse duu, udzudzu ukuwadya, kudikira kuti kakowa mmodzi atembenuze khosi. Zithunzizo ankazipachika pa chingwe Loweruka pansi pa mitengo ya pamsika, alendo n'kumati "Zokongola bwanji!" kenako n'kukagula ayisikilimu.

M'minda ya mpungamo munali ng'ona yaikazi yokalamba, yoduka nsonga ya mchira. A Lucius anaitcha Odessa, dzina la mayi wina wakale wa kutchalitchi amene ankayang'ana anthu ochedwa ndi diso limodzi. Ankaikonda ng'ona ija, tinene chilungamo, kuposa mmene ankakondera ife anthu anzawo.

Tsono kwathu kuno nkhanu timagwira ndi makosi a nkhuku. Umamangirira khosi ku chingwe, kuponya m'madzi, nkhanu ikagwira n'kumakoka pang'onopang'ono. Pomaliza, makosi otsala palibe amabwerera nawo kunyumba, fungo lake lingakuthamangitse m'nyumba mwako. Umakhuthula ndowa m'madzi, n'kuimenya m'mbali mwa boti kuti zomatirira zigwe. Agogo athu ankatero, ifenso timatero. A Lucius ankagwira nkhanu zawo m'mawa, koma ndowa ankakakhuthulira ku minda ya mpunga. Gu! Gu! Poyamba Odessa ankangoyang'ana ali patali. Kenako anayamba kusendera. Chaka chisanathe, ndowa ikangolira, madzi ankang'ambika kuchokera kutsidya, mphuno ndi maso zikubwera molunjika pa boti.

Zithunzi zomwe zinatuluka pamenepo, abale inu! Diso la ng'ona lodzaza chithunzi chonse, mtengo wa akakowa ukuoneka m'kati mwa disolo. Palibe wina anajambulapo zotere.

Mlongo wawo Verdell, amene ankawaphikira mpunga ndi therere chichokereni Ernestine, ndiye sanasangalale nazo. Anayang'ana chithunzi chija n'kuchibweza pa tebulo.

"Achimwene, munayandikira bwanji chonchi?"

"Kamera yabwino, iwe."

"Kamera yabwino ya chiyani! Mukuidyetsa. Mwakalamba ndi nzeru zomwe inu? Boma limaletsa zimenezi, mukudziwa bwino."

"Ndimangotaya zotsala, ngati mmene ankachitira bambo athu."

"Bambo athu ankataya n'kumapita. Inu mumataya n'kukhala pompo, kumacheza nayo ngati chibwenzi. Mudzaiphetsa ng'ona imeneyi, mundikumbuke."

A Lucius anangotembenuzira kwa iye khutu logontha lija n'kupitiriza kudya.

Kenako kunabwera anthu a kumpoto. Anagula malo a m'mbali mwa dambo, n'kumanga nyumba zazikulu za mipanda, iliyonse ili ndi kamlatho ka matabwa kolowera m'madzi. Anthu ake ndi oti amafuna dambo lokongola la pawindo, koma lopanda udzudzu, lopanda fungo, lopanda chilichonse cha mano. Tiagalu tawo timavala majuzi, ndikunena pano.

Tsiku lina bambo wina wa m'nyumba zimenezi ankatsuka ndowa yake pa kamlatho, n'kuimenya pa thabwa kuti madzi atuluke. Odessa anali atatulukira m'mfuleni wa mchere monga ng'ona zimachitira nthawi zina. Anamva, anabwera, n'kuika chibwano pa thabwa lomaliza, kudikira mwaulemu. Sanalume munthu, sanagwire galu. Koma bambo uja anakuwa ngati wapsa ndi moto, mkazi wake n'kujambula pa foni, ndipo dzuwa lisanalowe a boma oona za nyama anali atauzidwa.

Lamulo lake aliyense kuno amalidziwa: ng'ona yazolowera kubwera kwa anthu imaphedwa. Saisamutsa, chifukwa ngakhale ukaitaye kutali imabwerera kwawo, kapena imakachita zomwezo kwina.

A Lucius anavala jekete la kutchalitchi n'kupita ku ofesi kumtunda. Anavomera kuti wolakwa ndi iwowo, alangidwe iwo. Mayi wa pa ofesiyo anawamvetsera bwinobwino, anawapatsa ndi madzi akumwa, n'kuwauza kuti kulangidwa alangidwa ndithu, koma ng'ona yaphunzira kale ndipo singaiwalenso. A Lucius anapitanso kwa bambo wa ndowa uja kukapepesa, koma anathera pa geti, akuyankhula ndi kabokosi koyankhuliramo ka pakhoma. Anayesa ngakhale kuiopseza Odessa: kupita ndi boti, kuigenda ndi zigoba za nkhono, kuikalipira. Ng'ona inkangomira, n'kuyandamanso pafupi pomwepo, kumawayang'ana. Anabwerera kunyumba mtima utasweka, ndipo chakudya cha Verdell chinazizira pa tebulo.

Amene anatumidwa kudzagwira ntchitoyo anali Wendell Mack, mwamuna wa imvi zoyamba kumene, wa kwathu konkuno, amene mayi ake ankaimba kwaya limodzi ndi Verdell. Anafika pakhonde chipewa chili m'manja.

"Amalume, ndabwera ndi nkhani yoipa."

"Ndikuidziwa. Khala pansi."

"Ayi, ndiima. Ng'ona ija ndaizungulira kangapo, ikangoona boti langa ikumira. Ndi wochenjera mayi ameneyu." Anakanda kumutu. "Chatsala ndi mbedza. Ndipachika nyama yowola pa mbedza yaikulu, ikameze. Koma mukudziwa mmene zimakhalira. Mbedza imakakola m'mimba, ng'ona imalimbana ndi chingwe mpaka ine nditafika. Ndipo imatha kumeza ina yosalakwa, ndiye ndiyambirenso."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Mukaiitane inu. Ikabwera, ndi kanthawi kochepa, siimva kanthu."

"Wendell, ndinakunyamula uli wakhanda iwe. Lero ukundiuza zimenezi pakhonde panga?"

"Ndikanakhala ndi njira ina sindikanabwera, amalume."

"Choka."

Wendell anavala chipewa n'kutsika masitepe. Verdell, amene anamva zonse ali kukhitchini, anatulukira pakhomo akupukuta manja. Aliyense akanayembekeza kuti anena kuti ndinkanena ine. Sananene. Anangoti, "Achimwene, musalole kuti ikafe ndi mbedza m'mimba. Munaiphunzitsa ndinu, kaiperekezeni ndinu."

A Lucius anayang'ana ku dambo. Kenako anakuwa ndi mawu osasa, Wendell ali pafupi kutsegula chitseko cha galimoto: "Mawa, madzi akamakwera!"

Kunacha kuli nkhungu. Anakwera boti la Wendell, lalikulu, lonunkha petulo. Kamera anaisiya kunyumba, anangotenga ndowa yopanda kanthu. Atafika m'minda ya mpunga Wendell anazimitsa injini n'kugwada pansi m'botimo kuti asaoneke, mfuti ndi ndodo ya chingwe chokolera kunsonga zili pambali pake. Akakowa anali m'mitengo, akukangana za zisa zawo.

A Lucius anagwira ndowa. M'mtima ankapemphera kuti ng'onayo ikane, ione kuti boti si lawo, ikhale yochenjera lero lokha. Anamenya kamodzi, mofooka.

"Menyani bwino, amalume," ananong'ona Wendell.

Gu! Gu!

Kutsidya madzi anang'ambika. Inabwera mosafulumira, molunjika, mpaka pafupi ndi dzanja lawo, n'kukweza mutu kuyang'ana ndowa.

"Mwabwera, mayi," anatero a Lucius. "Pepani, lero ndilibe kanthu."

Chingwe chinalowa m'khosi mwa ng'ona, mfuti inalira. Mbalame zonse zinabalalika, madzi anathovoka pang'ono, kenako kunangoti zii.

Wendell anakoka chingwe mpaka thupi linagunda boti. Anayesa kulikweza yekha, koma linali lolemera.

"Amalume, pepani. Mundigwirireko mwendo wakutsogolowo."

Zaka zonsezo a Lucius anali atajambula khungu lonse la ng'ona ija, koma anali asanaikhudzepo. Anawerama n'kugwira. Mwendowo unali ndi zala zisanu, zofewa kunsi kwake ngati chikhatho cha munthu wokalamba, ndipo zinapindikira m'dzanja mwawo. Misozi inayamba kutsika, osaibisa.

"Tikweze limodzi," anatero Wendell motsitsa mawu. "Mwakonzeka?"

A Lucius anaponda m'mbali mwa boti, n'kukoka.