Milalang'amba inkandilanda mwamuna

Bambo a Tadala, lero pa Chileka ndakumana ndi mtsikana amene munkamuphunzitsa sayansi ku Lirangwe. Wakamba za inu mpaka nsanje yanga yadzukanso.

Ndakumbuka masana aja ndikukonola chimanga, inu maso ali pa foni, mukumwetulira nokha. Ndinaitsomphola ndikuyesa ndipezamo mkazi, koma munali zithunzi za milalang'amba, magulu a nyenyezi aja. Munati, "Mayi a Tadala, taonani. Wolemera, wowala kwambiriwu unasiya kubala nyenyezi. Wopepukawu ukubalabe." Ndinati, "Azikukonolerani omwewo!" Munaseka mpaka kutsokomola.

Mtsikanayo akudziwa chimene chinauleketsa kubala mlalang'amba wolemera uja, ine mkazi wanu ayi. Amafuna kundifotokozera, ndakana. Ndinkafuna ndimve kwa inu, koma munatisiya ndisanakufunseni.