Miyendo Inayi ya Bedi la Bambo Yoramu

Bambo Yoramu a ku Glen Norah, mumzinda wa Harare, sankafuna n'kumva komwe za banki. Anawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Workington zaka makumi atatu, koma penshoni yawo pomatuluka mitengo ya zinthu inali itathawa kale, moti sinagule ngakhale thumba la ufa. Basi anadzipangira banki yawoyawo, bedi lachitsulo la miyendo ya mapaipi. M'mwendo uliwonse anapindiramo madola a ku Amereka n'kuwotcherera chotsekera. Woyamba unali wa njala, wachiwiri wa matenda, iwiri yakumutu ya mabokosi a maliro, lawo ndi la akazi awo, mayi Jenipher. Pa kuuma mutu, ngakhale abusa anawalephera.

Mliri wa korona utafika, boma n'kutseka misewu, mwendo wa njala unapita mwezi woyamba womwewo, njerwa n'kulowa m'malo mwake. Kenako mankhwala a shuga a mayi anatha. Pofika tsiku lachitatu milomo ya mayi inali itauma, maso akuona mwachimbuuzi.

Bambo Yoramu anacheka mwendo wa matenda ndi sowo, n'kusolola ndalamazo. Tsiku lowotcherera lija moto unalowa m'paipi, ndalama n'kupserera m'mbali. Anapita nazo choncho kusitolo ya mankhwala, akulambalala asilikali apamsewu. Wogulitsa, mtsikana wina dzina lake Paida, anaziunika pawindo n'kuzibweza. Anamuchonderera kuti manambala akuoneka bwinobwino, koma iye anati abwana analetsa, akadandaule ku ofesi yoteteza ogula. Ofesiyo inali m'tauni, momwe munkalowa okhala ndi kalata yachilolezo okha.

Anabwerera ali ndi mantha enieni. Anapeza mayi atagona pamphasa, akupumira m'mwamba. Anagwada kumutu kwa bedi, sowo ili m'manja.

"Dulani wa bokosi langa, abambo," anatero mayi motsitsa.

"Wanu ukhale. Ine adzandikulunga m'bulangeti."

Bambo Yoramu anacheka mwendo wa bokosi la iwo eni, osadziwa ngati moto sunafikenso m'menemo. Anasolola ndalamazo ndi waya. Zinatuluka zabwinobwino, ndipo ulendo uno Paida sanazibweze.

Madzulo a tsiku lomwelo mayi anabayidwa jakisoni, n'kupempha tiyi. Bedi linaima pa milu itatu ya njerwa ndi mwendo umodzi, wa bokosi la mayi Jenipher. Bambo Yoramu anauphimba ndi chitenje kuti asamauone.