Riboni ya a Paison

Ku Kasenengwa, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, munali tayipi, makina olembera makalata, imene mzungu wina anaisiya posamuka ufulu utabwera. Tayipi imodzi, eni ake atatu: akatekisiti a Abednego, mayi wina amene anali mlembi wa kalabu ya amayi, ndi a Paison, mlembi wa gulu la alimi a mtedza. Anthu atatu pa chinthu chimodzi ndewu siyisowa, choncho anapangana malamulo. Aliyense tsiku lake, aliyense riboni yake, kansalu ka inki kaja kamene zilembo zimamenyapo. Ukamaliza uchotse riboni yako, utsekere m'kachitini kolembedwa dzina lako. Ukajomba masabata atatu, tsiku lako lapita kwa wina.

La a Paison linali Lachinayi.

Chaka chimene Fort Jameson anasanduka Chipata, a Paison anakwera basi ya ku migodi. "Mukakolola kawiri ndibwera," anawauza akazi awo, a Edita. "Keyala nditumiza ndikafika." Keyalayo ndi imene sinabwere.

Sabata lachitatu a Edita anamanga chitenje, ulendo wa kutchalitchi.

"Tsiku la bambo a Dailes silipita kwa munthu ine ndili moyo," anatero.

A Abednego anaseka mpaka kutsokomola. "Amake Dailes, manja a khasu amenewo pa tayipi?"

Koma mayi uja, liuma! Anaphunzira ndi zala ziwiri, kujompha ngati nkhuku pa mphale. Lachinayi lililonse ankatsegula chitini cha amuna awo n'kuwalembera kalata: mbuzi yaswa awiri, Dailes wayamba sukulu, denga likudontha pomwe paja. Akatha ankaipinda n'kukaisunga m'sutikesi, nanga akanaitumiza kuti? Ankawasowa amuna awo, kuwasowa kochita kuwonda nako. Riboni inatuwa, anzawo n'kumati gulani ina, iwo ayi, iyi ndiyo amuna anga anaigwira ndi manja awo.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho.

Lachinayi lina a Edita anapeza a Abednego akuchotsa riboni yawo yatsopano, ataitambasula pawindo.

"Mukufunamo chiyani, aphunzitsi?"

"Simudziwa? Ikakhala yatsopano, mawu oyamba kulembedwa amaoneka padzuwa. N'chifukwa chake timabisa m'zitini." Anaipinda akucheza. "Amuna anunso anali atangogula yatsopano kwa Asmani m'tauni. Anangolembera kalata imodzi, yopita kwa mnzawo uja anakafikirako ku..."

Anagwira pakamwa.

"Keyala analemba?" anafunsa a Edita.

"Pamwamba penipeni, mayi. Ine sindinaganize."

A Edita anatsegula chitini. Anatuluka panja, natambasula riboni ija padzuwa, kuyambira kumutu mpaka kumchira, kubwerezanso. Inali yoperepeseka, mwina mobooka. Mbuzi, denga, sukulu ya Dailes, zonse zinali zitapondana pamwamba pa keyala ija mpaka osatsala ndi chilembo chimodzi chomwe. Analira, osabisa.

"Lero kapumeni," anatero a Abednego. "Tsiku lanu palibe alitenge."

"Si langa," anayankha.

Anabwerera m'kachipinda muja, nakoleka riboni pa tayipi, naika pepala. Ndi zala ziwiri zomwe zija analemba kuti, "Bambo a Dailes, njira yobwerera kwa inu ndinaifufuta ndine, posunga malo anu."

Atasolola pepala lija, inki inali itatheratu. Mawuwo anachita kuwawerenga ndi chala.