Kagalasi ka M'mbali mwa Njanji

Lero mwana wanga anafuna kutaya kagalasi kobiriwira kamene kamakhala pawindo, ati n'chivindikiro chakutha. Ndinamutsomphola m'manja.

Ndinakatola ndili wamng'ono m'mbali mwa njanji ku Germantown, tauni ya kudziko la azungu kumene tinkakhala, patsinde pa mtengo wakale wa mawaya a telegalafu. Kanali kozizira, kolemera ngati mwala. Agogo, amene ankandilera makolo anga atamwalira, anandiuza kuti kale timagalasi totere tinkagwira mawaya onyamula mawu a anthu. Ine ndinaganiza kuti mawuwo anatsalira m'katimo. Ndikakaika kukhutu kankalira chapansipansi, ndipo ndinkati ndi amayi.

Loweruka lina agogo anapita nane kwa bambo ena okalamba achizungu amene agogowo ankagwira ntchito yowasamalira. Bambowo anali ndi mashelefu odzaza timagalasi totere. Ataona kanga anakaunika padzuwa, n'kupapasa zilembo zake, n'kufufuza ngati kanabenthuka. Anati mtundu umenewu ndi wosowa, ndiwapatse andigulire njinga.

"Gwada upereke ndi manja awiri, Tadala," anatero agogo. "Wamkulu sakanizidwa. Ukufuna ntchito indithere?"

Ndinakabisa m'malaya n'kupinda manja.

"Iwe, ukundimva?"

"Ndikumva, agogo, koma sindipereka. Muli amayi umu."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandigwira paphewa, n'kuwauza bambowo m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti mwana wakana, basi. Ntchito sinathe.

Tsopano ndikudziwa kuti m'kagalasimu mumangolira mphepo, koma n'kamene kanandiphunzitsa kunena kuti ayi, ndipo sikachoka pawindopo.