Mzere Wachiwiri wa Atikonda

A Mailesi amakolopa pachipatala chathu chaching'ono kuno kumapiri a Neno. Ndinawadziwa chaka chomwe ndinayamba kupita ndi Wisdom wanga kusikelo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo amamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu chifukwa cha kuzizira kwa kuno. Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana wawo ndi mmodzi, Atikonda.

Anali ndi funso limene ankafunsa aliyense wovala zoyera akangobwera kudzagwira ntchito. Ankaimika mopu, n'kupereka moni, kenako: "Kodi inu, Folomu 4 munapeza mapointi angati?" Ena ankaseka, ena ankayankha. Sankalemba paliponse, ankangosunga m'mutu. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye za mapointi ndinaphunzira kwa iwo ndili pabenchi: kuti ochepa ndiwo abwino, ndipo mwana akawachulutsa yunivesite simutenga.

Atikonda anapeza 13. Tsiku limenelo a Mailesi anakolopa khonde kawiri. Amene ankatilembera mankhwala nthawi imeneyo anali a Wongani, ndipo iwo anali atawauza kale kuti anapeza 15.

"Wanga wawaposa ndi awiri," a Mailesi ankauza amayi pamzere. "Nanga ngati wa 15 akutigwira m'mimba, wa 13 akamukana bwanji udokotala?"

"Adzatibaye pang'onopang'ono, asatengere ukali wa amake," anatero mayi wina, tonse n'kuseka.

Mwezi wotsatira ndinachedwa kuchoka chifukwa Wisdom anali atatsika sikelo. Ndinakhala kuseri, pansi pa windo, ndikumuyamwitsa. Mkatimo a Wongani ankacheza ndi namwino.

"Amayi aja amandimvetsa chisoni," anatero a Wongani. "Akuganiza kuti 15 yanga inandilowetsa ku yunivesite. Ndinayesa kawiri, osatengedwa, n'chifukwa chake ndinapita kukoleji ina. Udokotala weniweni, masiku ano, ndi 13? Alipo ana ambirimbiri a 7 ndi 8."

"Bwanji osawauza?"

"Ndiyambira pati? Amandigwadira m'mawa uliwonse."

Ndinamva zonse. Ndinabereka mwana n'kudutsa pomwe a Mailesi ankatsuka ndowa. Anandifunsa za sikelo, ndinayankha za sikelo, basi. Ndinkadziuza kuti ndine ndani, wa Sitandade 7, woti ndiwauze za yunivesite.

Fomu yofunsira malo analembera pa foni ya aphunzitsi a Laimoni, amene ankaphunzitsa Atikonda kusekondale yoyendera. Ine kunalibe, koma Atikonda anandifotokozera kumjigo. Akuti fomuyo ili ndi mizere ingapo, umalemba zomwe ukufuna kukaphunzira kuyambira chomwe ukuchifunitsitsa. A Laimoni anati udokotala ukhale pamwamba, sakuletsa, koma pamzere wachiwiri alembepo uphunzitsi kapena zaulimi, poti kumeneko 13 ndi wamphamvu. A Mailesi anaimirira.

"Aphunzitsi, a kuyunivesite akaona kuti walembanso zina aziti mwanayu ndi wokayika. Ine ndakolopa magazi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuti iye akaphunzire kudzala mbatatesi? Mbatatesi amaidziwa kale."

Mizere yonse inadzaza ndi zachipatala zokhazokha: udokotala, za mano, za mankhwala. A Laimoni anati zonsezo n'zolimbirana chimodzimodzi, koma sanamveke.

"Nanga iwe unati chiyani?" ndinamufunsa Atikonda.

"Achemwali, mayi anga mukuwadziwa." Anasenza ndowa yake. "Uphunzitsi ndikanaukonda ndithu."

Apanso zimene ndinamva pansi pa windo zija ndinazisunga, ngakhale fomu inali isanatsekedwe.

Mayina a otengedwa anatuluka patapita miyezi, Lachitatu, tsiku la sikelo. A Laimoni anabwera okha pa njinga kuchipatala. A Mailesi atawaona anapukuta manja pachitenje n'kuyamba kumwetulira. Aphunzitsiwo anavula chipewa. Anati afufuza katatu, dzina la Atikonda palibe. Kenako, poti a Mailesi anafunsa okha za anzake a Atikonda, anawauza kuti Mercy wa ku Ligowe, mnzake wa m'kalasi, wa mapointi 18, watengedwa uphunzitsi.

A Mailesi sanalire. Anati, "18 ndi wambiri kuposa 13."

"Ndi wambiri, mayi."

"Ndiye alakwitsa kuwerenga."

"Sanalakwitse. Mercy analemba uphunzitsi pamzere wachiwiri."

Anatola mopu n'kupitiriza pomwe analekezera. Amayi pamzere anayang'ana ana awo.

A Laimoni akuti Atikonda angathe kufunsanso chaka chamawa. Koma iye anachoka isanathe sabata, ali ku Zalewa kwa azakhali ake, akugulitsa manachesi kwa a m'mabasi. Foni ya amake amayankha mwa apo ndi apo. Akafunsidwa za fomu amati aona.

Mwezi watha ndinalimba mtima. Ndinawapeza a Mailesi kuseri kuja, pansi pa windo lomwelo, ndipo ndinawauza zimene ndinamva, ndi tsiku lake. Ndinkayembekezera kuti andikalipira.

"Amake Wisdom, ukanandiuza ndikanakufunsa kuti iwe unapeza angati." Anamukonza Wisdom chipewa. "Wakwera sikelo uyu?"

"Wakwera pang'ono."

A Wongani anasamutsidwa, kwabwera mtsikana wina m'malo mwawo. Tsiku lake loyamba ndinalipo. A Mailesi anaimika mopu monga kale n'kupereka moni. Ndinadikira funso lija. Koma anatsitsa mawu, moti ndinachita kutchera khutu.

"Pepani mwanawe, pa fomu ija, mzere wachiwiri munalemba chiyani? Ndikufuna ndikamuuze mwana wanga, mwina kwa inu angamve."