Tsiku limene bambo anaononga sitima ya amuna anga

Ku Kasungu kuno kulibe njanji. Anyamata a kwathu kwa Kaomba amamera ndevu asanaione sitima ndi maso. Koma bambo anga anagwira ntchito ya sitima unyamata wawo wonse, kuthira oyilo ndi kukwera kutsogolo pamodzi ndi woyendetsa. Atapuma n'kubwera kudzalima fodya, nkhani zawo zinali za njanji basi. Ukawafunsa za feteleza, yankho linkakathera ku siteshoni ya sitima ya ku Salima.

Amuna anga ndi okhoma ndowa ndi mbaula. Anabwera kudzakhala kwathu pa chikamwini, ndipo bambo sanawafune. Sanawatukwane ayi, bola akanatukwana. Moni ankayankha akuyang'ana kumbali, ndipo kwa ine ankangoti "uja wa zitini". Kwa iwo mwamuna wosadziwa kusoka fodya sanali mwamuna. Zinafika poti amuna anga anandiuza kuti atopa, fodya akangotha abwerera kwawo kwa Kaluluma, ndipo ine ndisankhe kuwatsatira kapena kutsala ndi mayi anga amene ankadwaladwala. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa kulikonse kumene ndikanapita ndikanasiya munthu akulira.

Asananyamuke, amuna anga anati ayese komaliza kuwakopa mtima bambo. Anapeza chithunzi cha mutu wa sitima pa foni ya mnzawo, n'kuyamba kuupanga ndi zidutswa za malata, wautali ngati mkono wanga. Mawindo anadula ku botolo la pulasitiki, nyali yakutsogolo anachotsa ku tochi yakufa, zogwirira za m'mbali anapinda masipoko a njinga. Ndinkawaseka kuti bambo wandevu zake akusewera ndi zidole pamene ndowa za anthu zikudikira. Koma atapaka penti ndinasiya kuseka. Chinthucho chinkanyezimira, mateyala ake n'kumazungulira ndithu.

Tinapita nacho m'mawa ku chigafa, kumene bambo ankasankha fodya. Amuna anga ananjuta n'kupereka ndi manja awiri. Bambo anachitembenuza uku ndi uku, anasuzumira kunsi, kenako anati, "Siyani pamenepo." Zikomo osanena. Tinabwerera kunyumba.

Masana ndinapita ku chigafa kukawapatsa bambo madzi akumwa. Bambo anali atakhala pansi, sitima ili pamiyendo, akupala penti ndi mwala. Zogwirira anali atazizula ndi pulayasi, zili mbwee pansi. Padenga anali atapaka mwaye wa kukhitchini wosakaniza ndi oyilo wakuda, mateyala atawamata dothi lofiira. Kutsogolo kunali kophwanyika, nyundo ili pomwepo pambali pawo. Kapu inandipulumuka m'manja.

Chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu bambo anga, koma tsiku limenelo ulemu unandithawa.

"Bambo! Mwatani? Ngati simukuchifuna bwanji osangobweza? Munthu wadzicheka zala chifukwa cha inu, inu n'kumamenya ndi nyundo?"

"Usandisokose iwe," anatero osadzutsa mutu. "Kaitane amuna ako. Abwere ndi mtovu ndi chowotcherera chawo."

Ndinanyamuka kukawaitana. M'njira ndinaganiza zonama kuti bambo achisunga m'nyumba, koma bodza lotere likanaululika dzuwa lisanalowe. Amuna anga atafika n'kuona, anangoima chilili, mtovu uli m'manja. Nkhope yawo inagwa, ndipo mumtima ndinati basi, banja langa lathera pa chigafa.

"Akamwini," anatero bambo, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuwatchula choncho, "chithunzi chanucho anajambula sitima ili yatsopano. Yanga sinali yoyera chonchi. Utsi unkadetsa apa, oyilo ankachucha apa. Kutsogoloku tinagunda ng'ombe."

"Ndiye mwaphwanya dala chifukwa cha ng'ombe?" ndinafunsa.

"Inali ng'ombe yaikulu."

Ndinafuna kukalipanso, koma iwo anatola kasipoko kamodzi pansi n'kukayang'ana nthawi yaitali. Mawu awo anatsika.

"Chogwirira ichi mwaika chachifupi, monga mmene chinalili poyamba. Mnzanga anaterereka pamenepa mvula ikugwa, sitima ikuyenda. Anatambasula dzanja, chitsulo chinali chitathera m'mbuyo. Ine ndinali pachitseko cha sitimayo, ndikuona. Tinakamutola m'mbali mwa njanji atatisiya kale. Titabwerako kumaliro tinawotcherera chachitali. Sindingasunge m'nyumba mwanga sitima ya chogwirira chachifupi."

Munthu amene anatitopetsa ndi nkhani za sitima kuyambira tili ana, iyi anali asanaitchulepo. Pambuyo pake ndinafunsa mayi, nawonso anati sakuidziwa.

Amuna anga ananjuta pang'onopang'ono n'kufunsa, "Chifike pati, bambo?"

Bambo anagwira chala cha mkamwini wawo ndi dzanja lawo lamwayelo, n'kuchiyendetsa m'mbali mwa sitima mpaka pa makwerero. Kenako anayamba kutchula zina zolakwika. Hutala inali mbali yosayenera, thanki ya mafuta inali yaing'ono, ndipo pa mateyala panalibe timapaipi tothira mchenga njanji ikamaterera. Amuna anga ankangogwedeza mutu, makala otenthetsera chowotcherera akuyaka kale pa mbaula imene anabwera nayo.

"Ndipo mutu wokha si sitima," anatero bambo akupukuta manja pa thalauza. "Pakufunika mabogi, ena a fodya, ena a mafuta. Ndamva zoti fodya akatha mukupita kwanu. Nanga mabogiwo andikhomera ndani?"

Amuna anga anayang'ana ine, kenako anayang'ana pansi.

"Tikhoma, bambo."

Ndinangokhala pansi pamene ndinaima, misozi ili chuchuchu. Bambo anacheuka.

"Iwe, lira bwinobwino, koma dzuka pa fodya wanga."