Chinyanja Chimene Mayi Esnath Anabisira Mwana Wawo

Mayi Esnath Chimpeni, amene tinawaperekeza kumanda mwezi wathawu, anabadwira m'komboni ya mgodi ku Penhalonga, kufupi ndi mzinda wa Mutare, kwa makolo ochokera ku Ntcheu, ku Malawi. Sukulu anangoilawa, koma nyimbo za kutchalitchi anaziloweza zonse ali kamtsikana. Atakwatiwa ndi Bambo Joseph anakakhala pa famu ina ku Imbeza. Mkati mwa sabata ankapalira mitengo ya paini, Lamlungu n'kumalawirira kukasesa m'tchalitchi.

Kumeneko ndi kumene anachita chinthu chimene chinawadya mtima mpaka ukalamba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Taison, anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu malaya atang'ambika, anzake atamumenya chifukwa cha malankhulidwe ake achilendo. Mayiwo analamula kuti kuyambira tsikulo mwanayo azilankhula Chishona chokhachokha, ngakhale m'nyumba. Akaiwala n'kupempha madzi, ankamutsina milomo mpaka anene kuti "mvura", dzina la madzi m'Chishona. Iwo ankati akumuteteza, ndipo makolo ambiri a mtundu wathu anachita zomwezo. Taison anamvera, mwinanso mopitirira muyeso.

Nthawi yogawa minda itafika, famuyo inatengedwa, ndipo antchito ake anauzidwa kuti kwawo ndi ku Malawi, dziko limene Mayi Esnath anali asanapondeko. Anasamukira ku Chikanga, mumzinda wa Mutare, n'kuyamba kugulitsa tomato pa siteji ya makombi, maminibasi a kuno. Sanadandaule. Mu Chigwirizano cha amayi ankasambitsa odwala amene abale awo omwe ankawanyansidwa, ndipo akayamikiridwa ankangoti, "Manja ndi obwereka, mwini wake adzawafunsa."

Bambo Joseph atamwalira, mlongo wawo anachokera ku Ntcheu kudzalira maliro. Atapatsa moni Taison m'Chinyanja, iye anayankha m'Chishona. Mlendoyo anafunsa mokweza kuti, "Kodi mwana wa achimwene ali kuti? Nanga uyu ndi wa ayani?" Mayi Esnath anazyolika. Kuyambira pamenepo anasiya kuyambitsa nyimbo m'tchalitchi, ati munthu amene anatseka mwana pakamwa sayenera kutsogolera anzake poimba. Abusa anawanyengerera, koma sizinamveke.

Patapita zaka, Elinah, mwana wa Taison, anapeza malo ku yunivesite. Iyeyu Chinyanja ankachitola mobisa kwa agogo akewo, ndipo tsiku lina anawapeza pa tebulo lawo la tomato.

"Gogo, kumene ndili ineko kuli mbiri yakale, kuli zolembalemba, zisudzo, nyimbo, zachipembedzo, Chifalansa, Chipwitikizi," anatero m'Chinyanja chake chotsimphina.

"Nyimbonso amapita nazo ku yunivesite? Ndiye kuti ine ndine pulofesa wosadziwika," anaseka mayiwo. "Nanga iwe wasankhapo chiyani?"

"Zilankhulo za kuno kwathu. Ndikufuna kudzalemba za Chinyanja cha ku Mutare. Koma baba akuti ndi maphunziro osadyetsa. Akuti ndikapanda kusintha, ndichoke pakhomo pawo."

Kuseka kunathera pomwepo. Mayi Esnath anadziwa kuti vuto silinali kudya ayi. Mwana wawo ankachita manyazi ndi chilankhulo cha makolo ake, ndipo manyaziwo anamuphunzitsa ndi iwo.

Lachinayi lotsatira, atachokera ku Chigwirizano yunifolomu ili m'thupi, anapita kwa Taison n'kumugwadira pamaso pa mkazi wake. Anamupempha kuti amuleke mwanayo aphunzire, ndiponso kuti iwo awakhululukire. Taison anadzambatuka poona mayi womubereka ali chogwada.

"Mhamha, simukai," anatero powadzutsa, kutanthauza kuti, "Amayi, imirirani." Kenako ananena m'Chishona kuti, "Munandiphunzitsa kuti chilankhulo chimenecho n'chomenyetsa. Lero mukufuna chiphunziridwe ku yunivesite?"

Elinah sanathamangitsidwe, ndipo maphunziro ake anapitirira. Koma za kukhululuka Taison sanatchulepo kanthu, ndipo mayiwo sanamuumirize. Anausenza mtolowo mwakachetechete. Patchuthi chilichonse ankakhala ndi mdzukuluyo pa tebulo paja, akumuuza maina a zinthu, maliridwe a maliro ndi nyimbo za kumgodi, iye akujambula mawu pa foni. Zimene anamana mwana anazipereka zonse kwa mdzukulu, koma mtima sunakhale pansi. Kawirikawiri ankapempha amayi anzawo kuti awapempherere, osanena chifukwa.

Chaka chino anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo Chishona chonse chinawathawa. Chinatsala ndi Chinyanja cha ubwana wawo basi. Taison ankakhala pambali pa bedi akumva mawu a mayi ake ngati a mlendo, Elinah ali pakati kumasulira. Ife amene tinaona zimenezi sitinathe kudziletsa kulira.

Moyo wawo watisiyira phunziro lakuti kulapa sikuyang'ana msinkhu, ndipo kholo lingathe kugwadira mwana osachepa nako. Ambuye amene anawatumikira awalandire bwino.

Masana a tsiku lawo lomaliza anagwira dzanja la Elinah n'kunong'ona kuti, "Uwauze bambo ako kuti wolakwa ndinali ine, osati iwo."

Elinah anatembenuka kuti amasulire, koma Taison anamuletsa ndi dzanja. Anawerama pafupi ndi khutu lawo, nanena pang'onopang'ono m'Chinyanja kuti, "Ndamva, amayi. Yatha."

Mayi Esnath anapumira m'mwamba, natsinzina.